Timakutu ta Noralba

Kubanja la a Monsalve, mwana akabadwa azakhali sankayamba n'kufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ankayamba n'kumuvula chipewa. Mayi ali chigonere, thukuta lisanaume n'komwe, iwo ankanyamula khandalo kupita nalo pazenera pamene pali kuwala, n'kumalitembenuza uku ndi uku ngati akugula nkhuku pamsika. Chimene ankafuna kuona ndi makutu. Akakhala akuluakulu, otambasuka ngati zogwirira za poto, azakhali ankachita chizindikiro cha mtanda n'kumubweza mwanayo mwakachetechete. Akakhala ang'onoang'ono, omata kumutu, m'pamene ankakumbuka kufunsa dzina lake.

Chifukwa chake aliyense m'mapiri a kumtunda kwa Yarumal ankachidziwa. M'banja limenelo munali matenda amene kwathu timangowatcha bobera, kunena kwake kupusa. Munthu wabwinobwino, wa mano onse m'kamwa, wokama yekha ng'ombe zake, akangodutsa zaka makumi anayi amayamba kubwereza funso limodzi. Kenako amaiwala kumene wasiya chikwanje, kenako njira ya kwawo, kenako nkhope ya mkazi wake, mpaka amafika pomwetsedwa phala ndi sipuni. Ena ankati ndi temberero la wansembe wakalekale amene anthu anamubera m'tchalitchi. Ena ankati kholo lina linakhudza mtengo woletsedwa kuthengo. Pa chiyambi cha matendawa anthu ankakangana mpaka kutukwanizana, koma pa makutu ankamvana onse: kholo loyamba kupusa linali ndi makutu ngati a mleme, ndiye wotenga makutuwo watenganso matendawo.

Noralba anabadwa ndi timakutu ta kuchikazi, tating'ono, togona bwinobwino kumutu. Mkulu wake Berenice ndi mchimwene wake Efraín anatenga makutu a bambo awo, Don Libardo. Choncho ana a nyumba imodzi, odya nyemba za mumphika umodzi, anakula atagawidwa kale. Berenice atanena kuti sukulu yamukwana palibe anamukakamiza, poti mutu umenewo unali woti udzataya zonse ndithu. Koma Noralba amayi ake, Doña Ligia, sankamupatsa mpata wopuma. Anamuphunzitsa kupanga tchizi, kusambitsa munthu wamkulu osamuchititsa manyazi, malire a munda, mayina a akufa onse ndi masiku a Misa zawo. "Iwe ndi amene udzakumbukire m'malo mwa tonsefe," ankatero akumupesa tsitsi, ndipo ankalimangira kumbuyo dala kuti anthu kutchalitchi aziona timakututo. Noralba ankayenda khosi lili njo. Tinene zoona, ankanyada, ndipo ndani akanapanda kunyada?

Don Libardo ankanyamula mkaka pa nyulu kupita nawo ku Yarumal. Tsiku lina anabwera wapansi akuimba mluzu, nyulu ataisiya chimangire pamtengo wa pabwalo la tauni, zigubu zili pamsana. Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma Doña Ligia sanaseke. Patapita miyezi ingapo funso lake linatsala limodzi: "Kodi ng'ombe zamwa?" Ankafunsa podzuka, ankafunsa ali ndi arepa, kamkate kathu ka chimanga, m'kamwa, ankafunsa ng'ombezo zikumwa iye akuziona. Noralba anali atangotha msinkhu kumene, ndipo tsiku lina zinamukwana.

"Bambo, mwafunsa kale zimenezo! Ndikuyankheni kangati?"

Bamboyo anasiya kutafuna. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana manja ake, kenako anafunsa ndi timawu ta mwana amene wagwidwa akuba shuga: "Ndanena kale?" Misozi inatsika mpaka m'ndevu, ndipo tsiku lonselo sanadyenso kanthu.

Doña Ligia anamukokera Noralba kuseri kwa khola atamufinya pamkono mpaka zala kudinda.

"Tamvera iwe. M'nyumba muno mulibe munthu amene ananena kale kanthu, wamva? Akakufunsa kuti ndanena kale, uziti, ayi bambo, simunanene. Mawu ako azikhala ofewa, uzimwetulira, ndipo manja ako azigwira kanthu, kaya kupinda nsalu kaya kupukuta kapu, kuti asakuone m'maso. Maso ndi amene amaulula."

Bodza limenelo Noralba analiphunzira kuposa aliyense m'nyumbamo. Analinena m'mawa ndi masana kwa zaka zambiri, mpaka bambo ake anasiya kufunsa chifukwa mawu anali atawathera.

Nthawi imeneyo kunali mnyamata wa kubanja la a Tamayo, dzina lake Gildardo, wa ng'ombe zamkaka zingapo ndi tindevu tosamalidwa kuposa ng'ombezo. Ankabwera Lamlungu lililonse kudzakhala pakhonde ndi Berenice, ndipo awiriwo akayamba kuseka, agalu a chigwa chonse ankauwa. Nkhani itafika pa ukwati, amayi ake a Gildardo, Doña Otilia, anakwera phiri kudzaona mtsikanayo. Anamwa chokoleti, anayamikira maluwa a pakhonde, kenako anati: "Mwana wanga, ndolo zakozo kukongola kwake! Takweza tsitsi ndizione bwino." Berenice ankadziwa chimene akufunsidwa. Analikweza tsitsilo pamwamba kwambiri, mbali zonse ziwiri, maso ali pa mayiyo osaphethira. Doña Otilia anatsiriza chokoleti chake, anayamikiranso maluwa aja, n'kutsika phiri.

Gildardo anasowa miyezi ingapo. Atabweranso anakhala pakhonde pomwe paja, pampando womwe uja, koma anafunsa za Noralba. Manyazi Noralba anali nawo, ndipo analira chifukwa cha mkulu wake. Koma iye ankamufuna mnyamatayo chamumtima kuyambira kale, ndipo anthu onse, ngakhale amayi ake omwe, ankati zayenda m'njira yake, poti mwamuna wofuna ana amakawafuna kumene kuli magazi abwino. Berenice anavina paukwatiwo mpaka chidendene cha nsapato kuthyoka, m'mawa mwake n'kukwera basi ya ku Medellín, kumene anakalowa ntchito m'fakitale yosoka zovala. Amuna ankamufuna, iye ankawalola kumugulira mowa n'kuwabwezera pakhomo. "Ndibereke ana oti adzandimange thewera, kenako iwonso adzamangidwe? Ayi, zithere mwa ine," ankatero. Noralba anabereka ana atatu, anyamata awiri ndi mtsikana wotsiriza, Yuliana, ndipo onse azakhali anapita nawo pazenera n'kubwerako akumwetulira. Anawabereka mtima uli m'malo, osaopa kanthu.

Madokotala a kafukufuku anafika Don Libardo ali chigonere, atapindika ngati mwana wa m'mimba. Anachokera ku yunivesite ku Medellín pa galimoto imene inatitimira m'matope isanafike n'komwe, ndipo anasonkhanitsa mabanja onse a matendawa m'kalasi ya sukulu. Mmodzi wa iwo, mtsikana wa magalasi amene ankamutcha dokotala Ximena, anafotokoza moleza mtima. Anati si temberero ndipo si mtengo. Ndi kanthu kakang'ono kamene kanalakwika m'thupi la kholo limodzi kalekale, kamene kamatsika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo kamaoneka akayeza magazi. Kholo likakhala nako, mwana aliyense ali ngati ndalama yoponyedwa m'mwamba, ikhoza kugwera mbali iyi kapena inayo.

"Nanga makutu?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Makutu atani?"

Atamufotokozera, dokotalayo sanaseke. Anavula magalasi n'kunena mosapsatira kuti makutu alibe nazo gawo, kuti munthu akhoza kutenga makutu a amayi ake n'kutenga kanthu kaja kwa bambo ake. Anabwerezanso kuti amve bwino. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, monga timachitira kwathu munthu wakutali akamalankhula, ndipo anakamasukira panja. "Ana ophunzirawa amaona za m'magazi, koma makutu ali pamtunda sawaona," anatero Noralba, anthu n'kufa nalo phwete. Wina anakumbutsa za azakhali Carmelina, amene anali ndi timakutu ngati ta mbewa koma anamwalira osadziwa dzina lawo. Yankho linalipo kale: amenewo anagwa pa hatchi ali mtsikana n'kumenyetsa mutu pamwala, zawo n'zina. Kwathu tikakonda chikhulupiriro, hatchi ndi mwala sizisowa.

Magazi anapereka onse. Madokotala ananeneratu kuti zimene adzapeze sadzauza munthu, poti mankhwala kunalibe, ndipo kumuuza wachinyamata tsogolo lotero n'kumuika m'manda akuyenda. Noralba sanadandaule, zake ankazidziwa. Don Libardo atamwalira, madokotala omwewo anapempha ubongo wake kuti akaupime. Doña Ligia anazengereza, koma Berenice, amene anafika pamaliro ndudu ili pakamwa, anati: "Apatseni amayi. Bambo anasiya kuugwiritsa ntchito kalekale. Wanganso ndawalonjeza, angodikira pang'ono."

Zaka zinapita, Doña Ligia anatsatira mwamuna wake, ndipo Efraín atadutsa makumi anayi anayamba kusunga nsapato mu uvuni. Palibe anadabwa, makutu anali atanena kale. Mkazi wake anapirira mpaka pamene Efraín anayamba kumumenya pomuyesa wakuba, kenako anabwera naye kwa Noralba, zovala zili m'thumba. Noralba anamukonzera chipinda cha kumbuyo chimene ankagonamo bambo awo. Anamukokeranso Yuliana kuseri kwa khola n'kumuphunzitsa monga anaphunzirira iye: mawu ofewa, kumwetulira, manja otanganidwa. Mtsikanayo anali wogwira zinthu msanga. Amalume ake akafunsa kuti ndanena kale, ankayankha mokoma moti Noralba yemwe ankatsala pang'ono kukhulupirira.

Moyo wake unali umenewo, kukama, kuundanitsa mkaka, kufinya, kupera, kuthira mchere, kukulunga tchizi m'masamba, kusambitsa Efraín, Lamlungu n'kutsikira kumsika. Anyamata ake anakula n'kupita kukagwira ntchito kutali, onse anakwatira, ndipo kwa akazi awowo palibe anavuta, poti aliyense ankadziwa kuti ndi ana a Noralba wa timakutu. Mchere sankayeza ndi sipuni. Ankangotapa ndi zala, ndipo tchizi chake chinkakoma chimodzimodzi chaka ndi chaka, moti Don Aníbal, wophika buledi ku Yarumal, sankagula cha munthu wina.

Madokotala aja atabwera ndi mankhwala oti ayesedwe, Noralba analembetsa msanga. Dongosolo lake linali lochenjera. Ankatenga anthu a m'mabanjawa amene sanayambe kudwala, okhala nako kanthu kaja ndi opanda, onse pamodzi. Opanda ankawathira madzi chabe m'mitsempha, okhala nako ena mankhwala ena madzi, ndipo palibe ankadziwa chimene chikulowa m'mkono mwake, ngakhale namwino wobaya singano. Motero munthu sakanatha kudziwa za magazi ake pongoona kuti amuitana. Noralba ankapita kukathandiza anzake, monga munthu amapitira kumaliro a mudzi wina. "Ndithire madzi angawo msanga, mwana wanga, ng'ombe zikundidikira," ankamuuza namwino. Mayeso ankawakondanso. Ankamupatsa mawu oti awasunge m'mutu, kumuuza ajambule wotchi, kumuwerengetsa chobwerera m'mbuyo, ndipo ankatuluka m'chipindamo ngati mwana amene wakhoza kalasi.

Podikira ankakumana ndi Berenice, amene naye analembetsa. Berenice ankayang'ana thumba la diripi n'kumalilankhula: "Ngati uli mankhwala, gwira ntchito, usandichedwetse. Ngati uli madzi, bola ukanakhala mowa." Anthu ankaseka, ngakhale amene anali atalira m'basi. Noralba ankamumvera chisoni mkulu wakeyo, ndipo ankamubweretsera tchizi chachikulu kuposa cha ogula onse.

Zinatenga zaka. Pamapeto madokotala anawasonkhanitsa n'kuwauza, nkhope zili zakugwa, kuti mankhwalawo sanachite zimene ankayembekezera. Noralba analirira anzake.

Pa mayeso omaliza panachitika kanthu kakang'ono. Anamupatsa pepala kuti ajambule wotchi monga mwa nthawi zonse. Anajambula chozungulira, anayamba kuika manambala, ndipo pomaliza anapeza kuti onse aunjikana mbali imodzi ngati nkhuku zothawa mvula, theka lina la wotchi lili lopanda kanthu. Anaseka. "Pensulo yanuyi ndi yoterera." Namwino anati palibe kanthu, mwachita bwino doña, ndipo ananena zimenezi mofewa, akusanja mapepala amene anali osanjidwa kale. Noralba anaziona zimenezo, koma sanafune kudzifunsa chifukwa chake. Dokotala Ximena, amene tsopano anali ndi imvi, anamupempha kuti ulendo wina abwere ndi a Gildardo kuti akambirane modekha. Noralba anayesa kuti ndi nkhani ya ubongo wa Efraín, ndipo anati abwera mvula ikatha. Koma sanamuuze Gildardo. Sikuti anabisa, nkhaniyo inangotsala m'basi.

Kenako Don Aníbal anayamba kudandaula. "Doña Nora, mwakwiyira ndani? Tchizi cha sabata yatha munachita ngati mwakhuthuliramo thumba lonse la mchere." Lamlungu lotsatira anati: "Lero ndiye mwatilanga mwa mtundu wina, mulibe ndi kamchere komwe." Noralba anapsa mtima. Anati mchere wa masiku ano ndi wachabechabe, wina wowawa wina wozizira, ndipo anasintha golosale. Madandaulo anatha okha. Koma tsiku lina analowa m'khitchini n'kupeza Yuliana, amene tsopano anali pabanja ndipo anali woyembekezera, akulawa tchizi cha m'beseni, chitini cha mchere chili m'khwapa.

"Ukutani ndi mchere wanga?"

"Ndikungolawa amayi. Si mukudziwa mimba, imafuna zinthu zosadziwika bwino."

Noralba analanda chitinicho n'kuchibwezera pamalo pake. M'mawa mwake anachipeza m'khola la nkhuku, pafupi ndi mazira. Anapita kuchipinda cha kumbuyo n'kukamukalipira Efraín, ngakhale Efraín anali atasiya kuyenda kalekale.

Berenice anabwera mwana atatsala pang'ono kubadwa. Anali atapuma pantchito, zaka makumi asanu atazidutsa, ndipo anameta tsitsi lalifupi dala kuti makutu akhale poyera. Mutu wake unali wakuthwa ngati lumo. Ankakumbukira amene anavala chiyani paukwati wa Noralba, ndi amene anasanza kuseri kwa tchalitchi. Anakhala awiriwo m'khitchini, nkhungu ikukwera kuchokera m'chigwa.

"Mwabwera pa basi iti, achemwali?"

"Ya m'mawa, ya dalaivala wonenepa uja. Iwe Nora, ine ndatopa nako kudikira. Chinthu chimenechi ndachidikira ngati mkwati, ndavala, ndadzola, sichikubwera. Nachonso chandithawa ngati mwamuna wakoyu?"

"Musamatero achemwali, Mulungu akumva."

"Amve! Ana sindinabereke, nyumba sindinamange, poti ndimati ndizimangira ndani. Ndiye ndikalambe ndi nzeru zanga zonse, ndekhandekha m'kachipinda ka lendi? Ukanandiuza kale, wakuba amuna iwe, ndikanaba wanga nanenso." Anaseka mpaka kutsokomola.

Noralba anamuthirira chokoleti, anatembenuza arepa pamoto, anapukuta manja pa epuloni n'kukhalanso pansi.

"Nanga mwabwera pa basi iti, achemwali?"

Kapu ya Berenice inaima isanafike pakamwa. Anayang'ana mng'ono wake, kenako anayang'ana Yuliana amene anaima pakhomo, ndipo Yuliana anazyolika.

"Ya m'mawa," anatero Berenice pang'onopang'ono. "Ya dalaivala wonenepa uja."

Kuyambira tsiku limenelo Berenice anasintha, ndipo zimenezi zinamuopsa Noralba. Anasiya kumunyogodola. Munthu amene moyo wake wonse ankamutcha wakuba amuna anayamba kumutcha mng'ono wanga, kumulanda ndowa m'manja, kumuperekeza ngakhale popita kukhola. Noralba anaona kuti nthawi ija yafika. Anamukokera mwamuna wake pambali n'kumunong'oneza: "Achemwali ayamba. Mwaona mmene afatsira? Bambonso anayamba n'kufatsa. Tiwakonzere chipinda cha anyamata, asabwererenso kutauni." Gildardo anazunguza chipewa m'manja, kenako anati akaone ng'ombe. Chipindacho Noralba anachisesa yekha, misozi ili m'maso, akuganiza za mmene adzasamalire odwala awiri pa nthawi imodzi.

Mwana anabadwira kuchipatala ku Yarumal, wamwamuna, ndipo anabwera naye kwa Noralba masana ena a nkhungu yambiri, yoti ng'ombe umangozimva kulira osaziona. Azakhali akale onse anali atatha, ndiye udindo wa pazenera unagwera Noralba.

"Amayi, zimenezo tizisiye," anatero Yuliana atamukumbatira mwanayo. "Kukuzizira, angatuwe."

"Iwe unapita pazenera, azichimwene ako anapita pazenera, uyu ndiye ndani? Bwera naye kuno."

Anamuvula kachipewa, anamutembenuza uku ndi uku pa kuwala kochepa kuja. Timakutu tinali tating'ono, tofewa, tomata kumutu. Kukhosi kwa Noralba kunachita mbee.

"Tanga tenitenito! Taonani achemwali, taonani inu a Gildardo. Uyu wapulumuka, ndi wa mbali yathu."

Anamupsompsona pachipumi n'kumubweza kwa mayi wake, amene anamuvekanso kachipewa. Anthu anamwa chokoleti. Mwamuna wa Yuliana anafotokoza mmene msewu unagumukira pafupi ndi mlatho, Gildardo anati chaka chino mvula yanyanya, ndipo Noralba anakasonkhezera moto wa nyemba n'kubwera.

"Yuliana, tabwera naye kuno mwanayo ndimuone makutu."

Nkhani ya msewu inadukira pamenepo. Yuliana anaimirira n'kumupereka. Noralba anamuvula kachipewa, anapita naye pazenera, anamutembenuza uku ndi uku.

"Tanga tenitenito! Uyu wapulumuka."

Yuliana analandira mwana n'kumufundika kansalu kumutu. Berenice anatuluka panja ngati akukasuta, ndipo anabwera ndudu isanayatsidwe. Nkhungu inali itafika pakhonde, maluwa osaonekanso.

Patapita kanthawi Noralba anadzidzimuka ngati munthu amene watsala pang'ono kuphonya mwambo.

"Aa, koma ife! Mwana wafika m'nyumba, palibe wamuona makutu? Yuliana, tabwera..."

Anatambasula manja, ndipo m'dzanja lake lamanja munali kachipewa kakang'ono koluka. Anakayang'ana. Anadziwa kuti ndi ka mwanayo, koma sanadziwe kuti kafika bwanji m'dzanja lake. Anakweza maso. Gildardo anali akuyang'ana m'kati mwa chipewa chake. Maso a Berenice anali ofiira. Palibe ankaseka, palibenso ankadabwa. Chete ameneyu Noralba ankamudziwa, anakhala naye m'nyumba imeneyi kuyambira ali mtsikana, kungoti nthawi zonse iye ankakhala m'gulu la oyang'ana pansi. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Kodi ndanena kale?"

Yuliana anamwetulira. Anatenga thewera loyera pampando n'kuyamba kulipinda pabondo ndi dzanja limodzi, maso ali pa nsaluyo.

"Ayi amayi," anatero mofewa, "simunanene."

Sanalakwitse pena paliponse. Mawu ake, kumwetulira kwake, manja ake, zonse zinali monga anaphunzitsidwira kuseri kwa khola. Noralba anakhala pansi. Mantha anamugwira, koma sanayambe n'kudziopera yekha. Anaona tsitsi la Yuliana lomangira kumbuyo monga ankamumangira ali mwana, timakutu tili poyera. Anakumbukira anyamata ake awiri kutali uko, ndi akazi awo amene anawalola osafunsa kanthu, ndi ana amene anali atabereka kale. Ndalama ija inaponyedwa pa mwana wake aliyense iye akuseka madokotala, ndipo tsopano inali itaponyedwanso pa khanda ili. Anatembenukira kwa mkulu wake, mkazi amene anakana ukwati, ana ndi nyumba chifukwa cha makutu chabe.

"Achemwali..."

"Usanene kanthu, Nora."

Kuchipinda cha kumbuyo Efraín anabuula, kubuula kwake kwa nthawi yosintha nsalu. Noralba anayamba kudzuka, koma Berenice anamugwira paphewa, anamumasula epuloni m'chiuno n'kuimanga m'chiuno mwake.

"Khala, mng'ono wanga, ndipita ine. Ndinkaona mmene unkachitira ndi bambo."

Noralba anapempha mwana, ndipo Yuliana anamupatsa. Anamuveka kachipewa, anakakokera pansi mpaka timakutu tonse tabisika, n'kumupanikiza pachifuwa. Panali zoti awauze anyamata aja, lero lomwe, zisanamuthawe. Awauze kuti makutu alibe nazo gawo, kuti asadalire, kuti apite kwa dokotala wa magalasi uja, kuti iye sankadziwa. Anazibwereza mumtima monga ankabwerezera mawu a pa mayeso, anazigwira zolimba, milomo ikuyenda. Nyemba zinasefukira pamoto n'kuchita phokoso, Yuliana anathamangira kukaphula, wina anatseka chitseko chifukwa cha mphepo, ndipo mwana anayasamula.

Noralba anayang'ana pansi n'kuona kuti wanyamula khanda lokongola, lovekedwa kachipewa mpaka m'khosi. Anadabwa kuti ndani walibisa chotero, ngati kuti pali chochititsa manyazi. Anaimirira nalo bwinobwino, n'kuyamba kulowera kuzenera.